Makalata a Omvera: Agogo amene ankasunga madzi pansi pa bedi

Takulandirani omvera athu. Kalata yoyamba lero yachokera ku Birmingham, ku Britain. Alemba ndi mayi a kwathu ku Ntcheu, ndipo apempha kuti tisatchule dzina. Akuti:

"Zikomo achimwene. Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wochokera ku Vietnam, ndipo chaka chatha tinaika m'manda apongozi anga aamuna. Anabadwira ku Hai Phong, mzinda wapadoko kumpoto kwa dzikolo, koma makolo awo anali Matchaina. Mu 1979, nkhondo itabuka pakati pa China ndi Vietnam, anthu a mtundu wawo anasanduka alendo m'dziko lobadwira. Anakwera bwato lamatabwa ndi akazi awo ndi ana atatu, n'kuyenda panyanja masabata angapo mpaka ku Hong Kong, kumene anakhala mumsasa. Chaka chomwecho Britain inavomera kulandira othawa 10,000 ochokera m'misasa imeneyo. Iwo anawatumiza m'katauni komwe kunalibe wina wolankhula chinenero chawo, kenako anasamukira kuno n'kuyamba kutsuka mbale m'lesitilanti.

"Tsiku loyamba ndinawagwadira powapatsa madzi osamba m'manja. Anadzidzimuka, nawonso n'kugwada! Nsima anaikonda, koma ankaidya ndi timitengo tawo tija. Ana anga ankawatcha Ông nội, kutanthauza agogo obereka bambo. Kuzizire bwanji, m'mawa uliwonse ankawaperekeza kusukulu, masana n'kukawadikira pageti atanyamula lalanje losendasenda m'kampango.

"Koma pansi pa bedi lawo panali mabotolo a madzi, odzadza nthawi zonse, ngakhale mpopi uli m'nyumba momwemo. Ana ankawaseka. Usiku wina ndikuwadwazika kuchipatala, anandiuza m'Chingelezi chawo chodukaduka kuti madzi akumwa anawathera panyanja, ndipo mwana wawo wamkazi wazaka ziwiri anatsirizikira m'manja mwawo. Amuna anga anali ndi zaka zinayi. Amadziwa kuti anali ndi mlongo, koma mmene anafera sanauzidwepo.

"Mwezi wamawa kuli giỗ, mwambo wokumbukira tsiku limene munthu anamwalira. Amaphika zakudya zimene ankakonda, kuyatsa lubani patsogolo pa chithunzi chake, abale n'kudyera pamodzi. Mwana wanga wamkazi wazaka 9 akundifunsabe za mabotolo aja. Kodi ndiulule, kapena ndisunge?"

Pepani mayi, pepani kwambiri. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndisanalowe mu situdiyo muno, ndipo pamabotolo paja ndinakhala kaye chete.

Ine ndikuti musasunge. Mkulu amene wakhala nacho chinthu zaka zoposa 40 osauza ana ake, akachitula kwa mpongozi ali pabedi lachipatala, ndikuona kuti amafuna chifike kwa ana, kungoti pakamwa pake panalephera kuwauza maso ndi maso. Anasankha inu chifukwa munali wapakhomo, koma bwatolo simunakwere nawo.

Komabe musayambire kwa mwana. Amene anatayika ndi mlongo wa amuna anu, ndiye maliro ndi awo. Auzeni muli awiri, mwambo usanafike, osati patebulo anthu atadzaza. Akamva, iwo ndiwo aone ngati auze m'bale wawo wotsalayo, ndiponso mawu oti mumuuze mwanayo. Mwana wazaka 9 akhoza kumva kuti agogo anasowapo madzi panyanja, anataya mwana, ndipo kuyambira pamenepo sanafune kuti wina m'nyumba mwawo agone ndi ludzu. Zotsalazo adzafunsa yekha akakula.

Nkhani yoteroyo si yachilendo kwa ife. Muno m'Malawi tinasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Dedza ndi kwanu ku Ntcheu komweko, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ndi pamene anayamba kubwerera. M'mulu womwewu muli kalata ina yaifupi yochokera ku Dedza, ndipo ndiiwerenge pompano chifukwa ikukukhudzani. Bamboyu akuti: "Atate anga anathawa nkhondo kuchokera ku Angónia, ku Mozambique, mu 1987. Mpaka imfa yawo ankagona nsapato zili kumutu. Sindinawafunse chifukwa, lero adzukulu akundifunsa ndilibe chowayankha. Uzani anzathu azifunsa akuluakulu akadali moyo."

Pepani bambo a ku Dedza. Ngati alipo azakhali kapena anzawo amene anawoloka nawo malire, pitani mukakhale nawo pansi chaka chino, musadikire.

Ndipo inu mayi a ku Birmingham, tsiku la giỗ likafika, pambali pa mpunga ndi lalanje muikepo kambale ka nsima, poti ankaikonda. Amuna anu akalola, mwana wanu uja ndiye anyamule kapu ya madzi kukaika patsogolo pa chithunzi. Mudzatilemberenso mmene mwambowo wayendera.