Manja amene analumikiza foni yanu

Akuluakulu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwaima kukhomoko, zikomo chifukwa chobwera. Sabata yatha ndinapita ku Katondo Street kukakonzetsa foni yanga, ndipo mnyamata wokonzayo atatsegula kumbuyo kwake, ndinaona tizitsulo tomangira tochepa kuposa njere ya mpunga, timene iye ankatola mosamala n'kumatiika pa maginito kuti tisatayike. Mumtimamu ndinafunsa kuti kodi amene anamanga tizitsuloti poyamba ndani, nanga tsiku limenelo anagona maola angati?

Kampani ya Apple imakonza mapulani a iPhone ku America, koma ntchito yolumikiza imapatsa makampani ena, ndipo yaikulu mwa iwo ndi Foxconn ya ku Taiwan, imene ili ndi mafakitale ku Shenzhen ndi ku Zhengzhou m'dziko la China. Ambiri ogwira ntchito kumeneko ndi achinyamata ochokera kumidzi, monga momwe ana athu amachokera ku Katete kapena ku Petauke kudzasaka ntchito muno mu Lusaka. Amagona m'nyumba za kampani, angapo m'chipinda chimodzi, ndipo ntchito ya munthu ikhoza kukhala kumata kachidutswa kamodzi komweko kuyambira m'mawa mpaka mdima.

Mu 2010, anyamata ndi atsikana oposa 10 ogwira ntchito ku Foxconn anadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba zosanja. Kampaniyo inatchera maukonde m'mbali mwa nyumbazo ndipo inakweza malipiro. Mu 2012 bungwe la Fair Labor Association litafufuza, linapeza kuti anthu ankagwira maola owonjezera opitirira 36 pa mwezi, amene ndiwo malire a lamulo la China. Ku fakitale ina ya ku Suzhou, ya kampani ya Wintek imene inkapangira Apple magalasi a mafoni, anthu 137 anadwala ndi mankhwala otchedwa n-hexane amene ankapukutira magalasi a mafoni. Mankhwalawo amauma msanga, motero ntchito imafulumira, koma amawononga mitsempha, moti ena ankavutika kuyenda.

Mkangano wagona apa. Ena amanena kuti ntchito zimenezi zimalipira kuposa khasu, kuti zatulutsa mabanja ambiri mu umphawi, ndiponso kuti ogwira ntchito ena amapempha okha maola owonjezera. Sindikukana, pakuti nafenso tikudziwa mmene ulova umawawira. Koma munthu akamapempha kuti agwire mpaka usiku, nthawi zambiri n'chifukwa chakuti malipiro a maola ake enieni sakumukwanira. Komanso tsiku lotulutsa foni yatsopano ndi mtengo wolumikizira amaika ndi kampani yogula, ndiye fakitale ikapanikizika imapanikiza amene ali pansi pake. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ku China ogwira ntchito saloledwa kuyambitsa bungwe lawo loima palokha, pakuti mabungwe onse ayenera kukhala pansi pa bungwe limodzi lovomerezedwa ndi boma. Munthu wotopa akalira, amva ndani? Mu November 2022 ku Zhengzhou ogwira ntchito analimbana ndi apolisi chifukwa cha malipiro ndi kutsekeredwa m'fakitale nthawi ya Covid.

Musaganize kuti ndi nkhani ya kutali. Batire ya foni imafuna chitsulo chotchedwa cobalt, ndipo cobalt wochuluka padziko lonse amakumbidwa ku Congo, cha ku Kolwezi, komwe bungwe la Amnesty International mu 2016 linaulula kuti ana amagwira nawo ntchito m'migodi yokumba ndi manja. Mathiraki onyamula miyalayo amalowera pa Kasumbalesa n'kudutsa m'misewu yathu yomwe ino. Ndipo mu April 2022, muno mu Lusaka, maboma a Zambia ndi Congo anasainirana mgwirizano woti tizipanga tokha mabatire a galimoto zamagetsi m'malo mongogulitsa miyala.

Ine mgwirizanowo ndikuufuna ndi mtima wonse, chifukwa ana athu akufuna ntchito. Koma akuluakulu muno mukukumbukira Chambishi mu April 2005, pamene fakitale ya zophulitsira miyala inaphulika n'kupha anthu athu oposa 40, ambiri a iwo achinyamata. Mafakitale akadzabwera, tidzauzidwa kuti tisavute, kuopa kuti eni chuma angathawe. Komatu ife tili ndi zimene anzathu a ku Shenzhen alibe: ufulu wolowa bungwe la ogwira ntchito, ndi lamulo la Employment Code Act la 2019, limene limati munthu akapitirira maola 48 pa sabata, ola lililonse lowonjezera alipidwe ngati ola limodzi ndi theka.

Choncho mwana wanu akabwera ndi chimwemwe kuti walembedwa ntchito, musanaphe nkhuku mumufunse ngati wasaina pangano lolembedwa ndipo wapatsidwa pepala lake, ngati wapatsidwa zovala zodzitetezera, ndiponso ngati wauzidwa dzina la mankhwala amene azigwira. Ndikudziwa kuti muno muli amayi amene ana awo akugwira kale ntchito m'mafakitale a ku Industrial Area. Ndipempha kuti ayambe ndi iwo kutiuza kuti anawo amaweruka nthawi yanji.