Alamu, za malo ogona paulendo wanu uja

Alamu mwaswera bwanji, ana ali bwanji kumeneko? Ndamva kuti ulendo watheka ndiye ndati ndingojambula mawu, kulemba ndichedwa. Mwati muyambira kuno ku Johannesburg, kenako Durban, mumalizire Cape Town eti. Tikanakusungani ifeyo koma mukudziwa kachipinda kathu nkamodzi. Ndiye mverani, musanabuke paliponse onani kaye matikiti anu kuti mumzinda uliwonse mukufika nthawi yanji, malo muwasankhe potengera pamenepo, za mtengo zibwere pambuyo.

Basi yochokera kumudzi imadutsa Mwanza, Tete, Harare mpaka Beitbridge, ndipo pa Beitbridge paja palibe angakuuzeni kuti mutha maola angati, mutha kulowa mu Joni pakati pa usiku. Ndiye usiku woyambawo pezani loji kapena hotelo yoti pakhomo pamakhala munthu usiku wonse, muwalembere kuti ndifika mochedwa ndipo akuyankheni. Nyumba za pa Airbnb zoti kiyi mukatenge m'kabokosi ka manambala zisiyeni kaye, foni ilibe simu ya kuno, batire latha, inu mwaima panja pa geti ndi sutukesi, ayi alamu zimenezo sindikuzifuna. Ndidzayesetsa kukuchingamirani, koma ngati shifiti yandigwira ndipo mwatsikira pa Park Station musayende wapansi ndi katundu olo mapu anene kuti mpafupi, kwerani Uber kapena Bolt, matakisi oitanitsa pa foni, mpaka pakhomo.

Dera ine ndinganene Rosebank kapena Sandton, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Gautrain. Eya ndikodulirapo, koma Joni ndi yotambalala kwambiri, mukatenga malo otchipa kutali uko ndalama yomwe mwapulumutsayo ithera pa Uber masiku awiri okha. Sitimayo imafika Park Station, Pretoria, ndipo kuchoka Sandton kupita ku bwalo la ndege la OR Tambo ndi mphindi 15 basi, kungoti siyenda usiku wonse. Ngati mukubwera June kapena July funsani ngati m'chipinda muli hita ndi mabulangeti okwanira, mzinda uno uli pamtunda kuposa mamita 1,700, m'mawa kumazizira mpaka zala kuuma. Funsaninso kuti magetsi akazima amatani. Komanso mapulagi akuno ndi a mano atatu obulungira, tchaja chanu cha kumudzi sichilowa, mudzagule adaputa.

Durban ili pafupifupi makilomita 570 kuchokera kuno. Khalani kufupi ndi nyanja, North Beach kapena uMhlanga, ndipo poti mwati ku Cape Town mupita pa ndege, uMhlanga ili kufupi ndi bwalo la King Shaka.

Cape Town yang'anani Gardens, Green Point kapena Sea Point, kumadutsa mabasi a MyCiTi. Pa Long Street zipinda zotchipa zilipo koma pansi pake ndi mabala, simugona. December mitengo imakwera koopsa, kumeneko bukani msanga.

Tsopano za kulipira. Munthu wa pa Facebook akati tumizani dipoziti ndikusungireni chipinda, musatumize olo kobiri, olo alankhule Chichewa chokoma bwanji. Bukani pa Booking.com kapena kuhotelo kwenikweniko, ndipo sankhani zoti mutha kukansela osaluza ndalama chifukwa basi ikachedwa tsiku limodzi mizinda yonse itatu yasokonekera. Zithunzi zisakutengeni mtima, werengani zomwe alemba anthu amene agonapo miyezi yaposachedwa, makamaka odandaulawo, anthu atatu akatchula nsikidzi kapena madzi ozizira pitani pena. Malo ambiri amakulowetsani 2 koloko masana, kutuluka 10 kapena 11 m'mawa, ndiye funsiranitu ngati amasunga katundu. Mukapeza pomwe pali kakhitchini mpabwino, ufa ukupezeka mushopu iliyonse kuno, kudya kumalesitanti katatu patsiku thumba libooka.

Adilesi ya malo oyambawo muilembe papepala muike pamodzi ndi pasipoti, pa boda atha kukufunsani komwe mukukafikira. Pasipoti yathu amadinda masiku osapitirira 30, muyang'ane deti lomwe alembalo musanachoke pawindo. Nditumizireni chithunzi cha tikiti ya basi madzulo ano ndione kuti shifiti ndisinthana ndi ndani.