Mawu a m'mawa: Maso a panyanja ya Naini

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo.

M'mapiri a Uttarakhand, kumpoto kwa India, muli tauni ya Nainital, yomangidwa mozungulira kanyanja kotchedwa Naini. M'mphepete mwa madziwo muli kachisi wa Naina Devi, mulungu wamkazi wa Ahindu, ndipo chizindikiro chake m'kachisimo ndi maso awiri.

Ahindu amasimba motere. Sati, mwana wa mfumu Daksha, anakwatiwa ndi mulungu Shiva, mwamuna wodzola phulusa thupi lonse, amene mpongoziyo ankamuyesa wachabechabe. Daksha anakonza nsembe yaikulu n'kuitana aliyense, kupatula mwana wakeyo ndi mkamwini. Sati anapitabe, poganiza kuti mwana sadikira kuitanidwa kwa bambo ake. Mayi ake anamulandira, koma bambowo sanamucheukire n'komwe, ndipo ananyoza mwamuna wake pagulu. Sati anadzitentha ndi moto pomwepo. Shiva anasenza mtembo paphewa, kuyendayenda nawo osafuna kuutula, mpaka Vishnu, mulungu wina, anauduladula kuti chisoni chimenecho chisawononge dziko. Pamene panagwera chiwalo chilichonse panasanduka malo opatulika, ndipo akuti maso anagwera ku Nainital.

Chikhulupiriro chimenechi si changa, koma nkhaniyi imandibaya pamtima. Amene anayamba kupha Sati anali bambo wokana kuyang'ana mwana wake. Alipo ena mwa ife amene adzuka lero m'nyumba yodzaza anthu, chikhalirecho palibe wowafunsa kuti agona bwanji. Ngati ndinu mmodzi mwa iwo, chonde musatsate njira ya Sati. Uzani munthu lero lomwe.

Pa 18 September 1880 phiri linagumuka ku Nainital pambuyo pa mvula yamphamvu, n'kupha anthu 151 ndi kukwirira kachisiyo. Anthu anamanganso wina m'mbali mwa nyanja yomweyo. Munthu salema kufunafuna maso omuona.

Hagara nayenso anathawa nkhanza za pakhomo ali ndi pakati, nakakhala pakasupe m'chipululu. Pa Genesis 16:13 anatcha Yehova "Mulungu wondiona", chifukwa anamupeza kumeneko n'kumuitana ndi dzina.

Tipemphere. Atate, yang'anani ana amene makolo awo anawafulatira, ndi akamwini ndi atengwa onyozedwa kuchipongozi. Amene tinawasiya dala pamndandanda wa oitanidwa, tipatseni mtima wowaimbira foni lisanalowe dzuwa. Ameni.