Pita Ukasambe m'Yordano

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tiyeni tilingalire nkhani ya Namani, yolembedwa pa 2 Mafumu 5.

Namani anali mkulu wa asilikali a mfumu ya Aramu, munthu wozolowera kulamula ena, koma anali ndi khate. Atamva kuti ku Samariya kuli mneneri amene angamuchiritse, uthenga umene unachokera kwa kamtsikana ka Chiisraeli kotumikira mkazi wake, ananyamuka atatenga matalente 10 a siliva, masekeli 6,000 a golide ndi zovala 10 zosinthira. Katundu yense uja akusonyeza zimene zinali mumtima mwake, kuti iye ankapita kukagula machiritso.

Namani atafika, mneneriyo, dzina lake Elisa, sanatuluke n'komwe m'nyumba. Anangotuma mthenga kukamuuza kuti apite akasambe mumtsinje wa Yordano kasanu ndi kawiri, ndipo Namani anapsa mtima, nafunsa ngati mitsinje ya kwawo ku Damasiko siiposa madzi onse a mu Israeli. Antchito ake ndi amene anamubweza pomufunsa kuti, mneneriyo akanamulamula chinthu chachikulu, kodi sakanachichita? Anthu amenewa ankamudziwa bwino mbuye wawo. Chinthu chovuta akanachichita mokondwa, chifukwa akanabwerera kwawo akudziguguda pachifuwa kuti khungu latsopanolo analikhetsera thukuta, pamene kusamba mumtsinje kunali kophweka kwambiri moti sikukanamusiyira chodzitamandira.

Taganizirani mayi amene wapakula nsima, nauza mwana wake kuti, "Kasambe m'manja udzadye." Mawuwo ndi lamulo ndithu, ndipo mwana womvera amapita kukasamba, koma palibe mwana wanzeru amene angaganize kuti kusamba m'manjako ndiko kwalipira ufa, nkhuni ndi ndiwo. Nsimayo inaphikidwa lamulolo lisanatuluke pakamwa pa mayiyo. Zimasiyana ndi munthu wa ganyu, amene amawerenga mizere imene wapalira ndipo ali ndi ufulu wodandaula mwini munda akachedwa kumulipira.

Mulungu amachita nafe ngati mayi uja. Pa Eksodo 20, asanatchule ngakhale limodzi mwa malamulo khumi, anayamba wawakumbutsa Aisraeli kuti ndi Iye amene anawatulutsa mu ukapolo ku Igupto, kutanthauza kuti malamulowo anaperekedwa kwa anthu owomboledwa kale. Paulo akunena zomwezo pa Aefeso 2:8-10, kuti tinapulumutsidwa mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro, kuti chimenechi ndi mphatso ya Mulungu yosachokera ku ntchito zathu, kenako n'kuwonjezera kuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino. Ntchitozo zilipo, koma zikubwera pambuyo pa mphatso.

Ambirife timasokoneza dongosolo limeneli mosazindikira. Timapereka chakhumi, timasala kudya, timachezera m'mapemphero a usiku wonse, zinthu zabwino zokhazokha, koma mumtima tikuwerenga mizere ngati anthu a ganyu. Zimaonekera tsiku limene matenda alowa m'nyumba kapena ntchito yatha, pamene timayamba kufunsa Mulungu kuti, "Ine wopereka mokhulupirika chonchi, zandigwera bwanji zimenezi?" Funso limeneli ndi la munthu amene akuona kuti wamanidwa malipiro ake. Ndiponso alipo ena, makamaka masiku ano, amene akamva za chisomo amati malamulo alibenso ntchito. Amenewa akumbukire kuti Namani akanabwerera ku Damasiko osalowa m'madzi aja, akanafika kwawo ali ndi khate lake.

Atamira kachisanu ndi chiwiri, thupi lake linakhala ngati la kamwana, ndipo anabwerera kwa Elisa atatenga chuma chija kuti athokoze. Ngakhale anamuumiriza, mneneriyo anakana kulandira kanthu, ndipo ine ndikuona kuti anakana dala pofuna kuti mlendoyu asapite kwawo akuganiza kuti Mulungu wa Israeli amagulitsa machiritso. Namani ndiye anasanduka wopempha, ndipo anapempha dothi loti nyulu ziwiri zinganyamule. Gehazi, mtumiki wa Elisa, anaona kuti mbuye wake wataya mwayi, choncho anamuthamangira mlendoyo, namunamiza, nalandira matalente awiri a siliva ndi zovala ziwiri. Atachoka pamaso pa Elisa tsiku limenelo, khate la Namani linali pa iye.