Jambulani ndi foni, thanthwe musalikhudze

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo nonse. Kanema amene wazungulira pa WhatsApp sabata ino ambiri mwamuona: anyamata ali kuphanga, akuthira madzi pathanthwe kuti zojambula za makolo ziwale bwino pafoni. Sinditchula mayina, ndi ana athu omwe. Pempho langa ndi limodzi: jambulani ndi foni, thanthwe musalikhudze.

Kuno ku Chongoni tili ndi malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija anajambula Akafula kalekale. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, za chinamwali ndi za gule. Zoyerazo ndi dothi chabe lopaka ndi chala. Mukathira madzi limasungunuka, mukasisita limayoyoka. Ena mumalembapo mayina anu ndi makala, pamwamba penipeni pa ntchito ya agogo! Amayi, mukatuma ana kunkhuni cha ku Mphunzi muziwauza, thanthwe asalikhudze, ndipo moto asasonkhe m'phanga chifukwa mwaye umaphimba zonse.

(Bambo wina afunsa: "Nanga zikakhala pa intaneti, si ndiye kuti zasungika kale?")

Mwafunsa bwino bambo. Intaneti imathandizadi, sindikukana. Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anayenda m'midzi ya Nyasaland zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo. Nyimbozo zimasungidwa ku Makhanda, South Africa, anaziika mu kompyuta, ndipo lero mdzukulu atha kumva mmene agogo ankaimbira. Koma tamverani izi. Mu 2018 nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ku Rio de Janeiro, ku Brazil, inapsa usiku umodzi. Munali zinthu pafupifupi 20 miliyoni. Moto utazima, anayamba kupempha anthu kuti atumize zithunzi zomwe anajambula pokaona malowo. Zithunzi zinabwera, koma chimene chinapsa chinapsa ndithu. Katswiri akafuna kudziwa kuti utoto unapangidwa ndi chiyani, amayeza thanthwe lenilenilo, chithunzi sichingamuuze. Komanso anamkungwi ali pompano angandivomereze: zina mwa zoyera zija tanthauzo lake ndi la kutsimba, si la pa Facebook. Chithunzi chikangochoka pafoni yanu, mawa chili ku Johannesburg, simungachibwezenso.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Mukapita kuphanga, pitani ndi wamkulu. Funsani kaye musanatumize chithunzi kwa wina. Lembani dzina la malo ndi tsiku. Sungani pawiri, pafoni ndi pa memory card, chifukwa mafoni amabedwa. Agogo akamafotokoza, jambulaninso mawu awo ngati alola. Mukaona wina akuthira madzi kapena kulemba, mukanene kwa a mfumu tsiku lomwelo, ndipo alendo obwera ndi makamera muwauze zomwezi: thanthwe musalikhudze.