Tchuthi chafika, anawa tiwapatse anthu oti aziwasamala

Zikomo a Gulupu, mafumu nonse, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo. Inu achinyamata mwakhala kutaliko, sendererani kuno, pakuti nkhaniyi ndi yanu kuposa wina aliyense.

Sukulu zatsekera. Kuchokera pano mpaka mu Seputembala, ana onse ali m'manja mwathu, a Sitandade 8 akudikira zotsatira za mayeso kuchokera ku MANEB, a Folomu 4 nawo ali pakhomo. Chimanga takolola, kumunda kulibe zambiri. Ndiye mwana akadzuka m'mawa alowera kuti? Tikudziwa tonse. Ena kumsewu waukulu kukathamangira mabasi ndi ndowa za kachewere, ena kumavidiyo, anyamata kutchire kukasaka mbewa. Sindikuti zonsezo ndi zoipa ayi. Koma amayi a Mother Group andipempha kuti ndilankhulepo za chifundo, kuti tchuthi chino mwana aliyense achitirepo munthu wina chabwino.

Ine maganizo anga ndi awa: kuuza mwana kuti "uzikhala wachifundo" n'kutaya mawu. Amavomera ndi mutu, kenako amapita kukasewera mpira. Mwana umamupatsa munthu. Umamuuza kuti agogo akuti, a kuseri kwa tchalitchi aja, madzi awo a Lachiwiri ndi Lachisanu ndi ako. Akatunga sabata yoyamba amadandaula, yachiwiri amayamba kudziwa kuti mtsuko wa agogowo umakhala pati, yachitatu amabwera n'kudzakuuzani yekha kuti agogo aja akutsokomola. Pamenepo ndiye kuti chalowa.

Ntchito zake sitichita kufunafuna. Kuno ku Dedza chisanu mukuchidziwa, chimalowa mpaka m'mafupa, ndipo mphepo ya mu Ogasiti nayo siichedwa. Nkhalamba yokhala yokha imafuna nkhuni, madzi a pamjigo, wotonola chimanga, wopita nacho kuchigayo. Atsikana angazire nyumba, anyamata angamwete udzu woti akuluakulu adzafolere denga mvula isanagwe. Wina ali ndi dimba kudambo koma nsana unatha, mwana angamuthiririre kabichi madzulo. Mwana wa Folomu 3 angakhale pansi ndi tiana ta Sitandade 2 n'kumatiwerengetsa a, e, i, o, u. Palibe chofuna ndalama apa.

Ndatchula udzu, ndiye anyamata a mbewa imvani. Mukayatsa tchire kuti mauna aoneke, moto uja sufunsa kuti udzu uwu ndi wa yani. Umapsereza udzu umene mayi wamasiye amayembekezera kufolerera nyumba yake, nthawi zina umakwera mpaka kuphiri n'kulowa m'nkhalango. Mbewa kumbani, ifenso timadya, koma machesi asiyeni kunyumba.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Agogo amene akufunikira thandizo kwambiri m'midzi mwathu muno, nthawi zambiri ndi omwe aja ana amawathawa. Chifukwa chiyani? Chifukwa anamva ife. Madzulo tili pamoto timati, "Gogo uja ndi mfiti, taonani maso ake kufiira." Amayi, maso a munthu amene waphikira nkhuni zaziwisi m'kakhitchini kopanda zenera kwa zaka 60 angalephere kufiira? Nkhalamba ikamalankhula yokha, kapena kutuluka usiku osadziwa kolowera, kawirikawiri ndi ukalamba umene wasokoneza mutu, ndipo achipatala matendawa amawadziwa. Koma mwana akamva mawu athu aja, m'mawa amatola mwala. Timamva pawailesi za anthu okalamba omenyedwa, owotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene, ndipo bungwe la MANEPO, loona za anthu achikulire, lakhala likudandaula za zimenezi. Amene amaponya miyala yoyamba nthawi zambiri ndi achinyamata, ena mwa iwo adzukulu enieni. Dziwaninso kuti lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Choncho tisanatume mwana kukatunga madzi kwa agogo, tiyambe takonza pakamwa pathu. Simungamuuze masana kuti "kawathandize" pamene usiku munamuuza kuti "amadya anthu".

N'chimodzimodzi ndi mwana wachialubino, wolumala mwendo, wachibwibwi kapena wakhunyu. Maina onyoza amene ana amawaitanira sanabadwe nawo, anawatola pakhomo. Inu atsikana, pa phada ndi pa fulaye muitaneni mnzanuyo. Anyamata, pogawana matimu a chikulunga musamusiye kumbali kuti azingolondera masilipasi. Ndipo amene muli ndi mafoni, zija zojambula mnzanu wang'ambikira kabudula n'kuponya pa WhatsApp kuti anthu aseke, imeneyo ndi nkhanza, ngakhale simunamukhudze ndi dzanja.

Abambo ena ndikuwaona akumwetulira, akuti eya, tapeza antchito aulere. Ayi bambo. Chifundo ndi china, ganyu ndi wina. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Kumusenzetsa mwana thumba la kachewere tsiku lonse kumsika wa Lizulu kapena wa Bembeke, inu n'kulandira ndalama, musakutche kumuphunzitsa kuthandiza. Ntchito ikhale yolingana ndi msinkhu, ola limodzi kapena awiri, kenako akasewere, akawerenge.

Pali chinanso choti tisamale. Mtsikana asapite yekha kunyumba ya munthu wamwamuna, kaya ndi wokalamba, kaya ndi wachibale. Azipita awiri kapena atatu, dzuwa lili pamutu, makolo akudziwa. Tchuthi chachitali n'chimene chimatibera atsikana, pofika Seputembala mipando ina m'kalasi imakhala yopanda anthu. Mwana aliyense pano aloweze nambala iyi: 116. Ndi yaulere, mungaimbe wina akakuchitani zosayenera kapena mukaona mnzanu akuzunzidwa. Kumuimbira mnzako nambala imeneyo n'chifundonso, si ukazitape.

Nyengo ino ndi ya chinamwali, ndipo anamkungwi muli pompano. Ine mwambo ndimaulemekeza. Pempho langa ndi lakuti ana akamatuluka kumeneko atuluke ndi ulemu umene mumawalangiza, osati kubwera akudzimva kuti akula moti mayi awo sangawatumenso. Mawu anu amawamva kuposa a ife aphunzitsi, ndiye ikanipo liwu pa nkhani ya agogoyi.

Wina afunsa, kodi tiziwalipira? Musawalonjeze ndalama. Mukatero, tsiku lomwe mulibe K500 madzi aja satungidwa. Koma kuyamika musaumire. Muuzeni pamaso pa abale ake kuti wachita bwino. Agogo akamupatsa mtedza kapena nthochi, alandire ndi manja awiri, asakane, chifukwa naonso amafuna kumva kuti akadali ndi chopatsa. Ndipo akamaliza ntchito asathamangire kubwerera. Akhale pakhonde pang'ono. Nkhalamba zambiri chimene chikuzipweteka si njala yokha, koma kutha tsiku lonse popanda wozipatsa moni. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pakhonde pomwepo mwana adzamva za njala ya 1949, za mfunda wake, ndi nthano zimene ife tinasiya kusimba.

A Gulupu, ndi chilolezo chanu, tisabalalike tisanachite ichi. Mfumu iliyonse ikhale ndi amayi awiri a Mother Group, atchule nyumba za okalamba, odwala ndi olumala a m'mudzi mwake, osadumpha ija imene anthu amaiopa. Nyumba imeneyo ulendo woyamba ana asapite okha, tiwaperekeze ife akuluakulu, mudzi wonse uone. Achinyamata, maina anu mulembetsa kwa alembi a komiti ya sukulu, ali apo ndi kope. Loweruka m'mawa tikumana pamjigo, aliyense ndi ndowa yake. Zikomo a Gulupu, ndabweza mawu kwa inu.