Setilaiti ikawonongeka, amalipira ndani?

Amfumu, akuluakulu a mipingo, amayi, abambo ndi achinyamata nonse, zikomo pondipatsa mpata. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ambirife timaonera mpira pa dishi, timamvera za nyengo pa wailesi, ena mwayamba kugwiritsa ntchito intaneti ya Starlink. Zonsezi zimadutsa pa setilaiti. Ndipo setilaiti siimera yokha kumwambako, ndi katundu wopangidwa m'fakitale ndi anthu olandira pakutha pa mwezi. Lero tikambe za ndalama zake: chinthuchi chikawonongeka amaluza ndani, nanga makampani ochipanga amadziteteza bwanji.

Inshuwalansi imene mukuidziwa bwino ndi ya galimoto. Kampani imalimba mtima chifukwa magalimoto ndi ambirimbiri, ochita ngozi ndi ochepa, ndiye za ambiri zimalipirira ochepawo. Ikagundidwa amatumiza munthu kukaiona, n'kuikokera ku galaja. Setilaiti ya TV imakakhala makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi pano, ndipo imayenera kugwira ntchito zaka 15 osakhudzidwa ndi dzanja la munthu. Kulibe galaja kumeneko. Chinanso, zolembetsedwa inshuwalansi pachaka n'zowerengeka, moti zikangofa ziwiri zikuluzikulu, ndalama zonse zimene a inshuwalansi anatolera chaka chimenecho zalowa m'madzi. Mu 2023 zinachitikadi. Setilaiti yotchedwa ViaSat-3 inafika bwinobwino kumwamba, koma dishi yake yaikulu inakanika kutambasuka. Eni ake anakapempha madola oposa 400 miliyoni pa imodzi yokhayo, ndipo chaka chisanathe inafanso ina, Inmarsat-6 F2. N'chifukwa chake palibe kampani imene imasenza setilaiti yonse yokha. Amagawana, uyu kagawo, uyu kagawo, makampani a ku London, Paris, Munich ndi kwina. Anayambitsa ntchitoyi ndi a msika wa Lloyd's ku London, mu 1965, pa setilaiti yotchedwa Early Bird.

Tsono funso limene limasowetsa tulo maloya ndi mainjiniya ndi ili: pa mphindi ino, katunduyu ali m'manja mwa yani? Ali m'fakitale, ndi wa womupanga. Akamanyamulidwa pa ndege kupita kumalo oulutsira maroketi, nthawi zambiri akadali wa womupanga. Injini za roketi zikangoyatsidwa kuti inyamuke, ngozi yasamukira kwa wogula. Malire amenewa amalembedwa m'chikalata mwatsatanetsatane, ndipo mumva posachedwa kuti masiku awiri okha akhoza kusintha wolipira.

Koma tiyambe talowa m'fakitale. Pa 6 Sepitembala 2003, linali Loweruka, ku fakitale ya Lockheed Martin ku Sunnyvale m'chigawo cha California, antchito ankafuna kugoneka setilaiti yoona za nyengo yotchedwa NOAA-N Prime. Inali itaima pangolo yachitsulo yopangidwira ntchito imeneyo, yotha kuipendeketsa pang'onopang'ono mpaka igone. Chitsulo chimene setilaiti imakhalapo chimamangidwa kungoloyo ndi mabawuti 24. Masiku apitawo munthu wina anali atamasula mabawuti aja osalemba paliponse. Gulu la Loweruka lija linaona mapepala akunena kuti ngolo ili bwino, n'kukhulupirira mapepala. Ofufuza anadzapeza kuti mmodzi mwa antchitowo anatchulapo kuti akuona mabowo opanda mabawuti, koma anzake sanalabadire. Atangoipendeketsa pang'ono, setilaiti inatsetsereka, phii, pasimenti.

Kuikonza kunadya madola 135 miliyoni. Kampaniyo inasiya phindu lonse limene ikanapeza pa ntchitoyo n'kuonjezerapo zina za m'thumba mwake, zotsalazo analipira ndi anthu okhoma msonkho, pakuti boma la America kawirikawiri sililembetsa inshuwalansi masetilaiti ake, limadzisenzera lokha. Setilaitiyo inadzakwera kumwamba mu 2009.

Ine nkhani imeneyi ndimaikonda kuposa za maroketi ophulika, chifukwa mulibemo sayansi yovuta. Muli munthu amene sanalembe, munthu amene sanayang'ane, ndi munthu amene analankhula koma osamvedwa. Ku Russia nako, mu Julayi 2013, roketi ya Proton inangonyamuka n'kutembenuka, kugwa ndi masetilaiti atatu, chifukwa tizipangizo toiuza kumene yalunjika tinaikidwa mozondoka.

Ndiye mukamva kuti makampaniwa amathera miyezi akuyesa setilaiti imodzi, musati akuwononga nthawi. Amaiika pathebulo loigwedeza mwamphamvu monga idzagwedezekere pa roketi. Amailowetsa m'chipinda chaphokoso loti munthu sangakhalemo. Amaitsekera m'thanki yaikulu, n'kupopamo mpweya wonse, kuitenthetsa, kuiziziritsa, kuitenthetsanso, kwa masabata. Antchito amavala zophimba tsitsi ndi nsapato kuti kafumbi kasagwere pagalasi. Zipangizo zofunika kwambiri amaika ziwiriziwiri, kuti china chikafa chinzake chipitirize. Bawuti lililonse lili ndi pepala lake: anamanga ndani, tsiku liti, anaona ndani. A inshuwalansi nawo ali ndi mainjiniya awo. Asanatchule mtengo amafunsa kuti, chipangizo ichi chinaulukapo kangati? Mwachigula kwa yani? Chimene chinaulukapo kambiri osavuta chimatsitsa mtengo, chatsopano chimaukweza. Apa pali kavuto kamene sikatha: kampani ikufuna kupanga zatsopano kuti ipose anzake pamsika, a inshuwalansi akufuna zakale zimene akuzidziwa.

Tsopano za masiku awiri aja. Mu 2016 kampani ya Israel Aerospace Industries inamaliza setilaiti yotchedwa AMOS-6, yopangira kampani ina ya kwawo komweko, Spacecom. Ife kuno inkatikhudza, chifukwa Facebook inali itachita lendi gawo lake kuti ibweretse intaneti kumayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Inayenera kunyamuka pa 3 Sepitembala ku Cape Canaveral ku America pa roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX. Pa 1 Sepitembala ankathira mafuta m'roketi kuti angoyesa injini ili pansi pomwepo, setilaiti ili kale pamwamba pake. Injini zisanayatsidwe n'komwe, roketi inaphulika. Setilaiti ya madola pafupifupi 200 miliyoni inapsera pomwepo.

Amayi apo mukuti si analembetsa inshuwalansi? Analembetsa, mayi. Koma inshuwalansi ya ulendo inali isanayambe kugwira ntchito, pakuti chikalata chinkati iyamba injini zikayatsidwa ndi cholinga choti roketi inyamuke. Tsiku limenelo panalibe wonyamuka. Amene anagawana ngozi ya ulendowo sanatulutse olo tambala, ndipo sanabere munthu, ndi mmene anagwirizanirana. Chimene chinapulumutsa anthu n'chakuti wopanga setilaiti anali ndi inshuwalansi ina, ya katundu amene sanaperekedwe kwa mwini wake, yolembedwa ndi makampani omwe amalemba katundu wa pa sitima zapamadzi. Imeneyo ndiyo inalipira. Wopangayo akanati, ife taifikitsa pamalo, ntchito yathu yatha, n'kusiya chikalata chake chithe mphamvu, bwenzi patatsala mpata wa masiku awiri wopanda mwini, ndipo moto unagwera mumpata momwemo. SpaceX inapatsa Spacecom ulendo wina waulere, umene unanyamula setilaiti ina, AMOS-17, mu 2019, ndipo itachitika ngoziyo inayamba kumayesa injini setilaiti isanakwezedwe pa roketi.

Roketi ikanyamuka, wopanga amapuma? Pang'ono chabe. Mapangano ambiri amati ikangochoka pansi, wogula sangabwererenso kukafuna ina yaulere, adalire inshuwalansi yake, imene kawirikawiri imakhala ya ulendowo ndi chaka choyamba, kenako n'kumaionjezera chaka ndi chaka ataonetsa kuti setilaiti ili moyo. Komanso onse okhudzidwa ndi ulendo, wopanga, wogula ndi mwini roketi, amasainirana kuti zikavuta palibe wosumira mnzake, aliyense alire maliro ake. Popanda pangano limeneli, kakampani kopanga waya wa madola ochepa kakanamaopa kuti tsiku lina kadzalipitsidwa setilaiti yonse, ndipo palibe akanalowa bizinesi imeneyi. Koma ogula nawo si ana. Amasunga gawo la malipiro n'kumalipereka pang'onopang'ono setilaiti ikamagwira bwino ntchito zaka zikupita. Ikafa msanga, wopanga zotsalazo sazionanso.

Choopsa kwambiri kwa wopanga si setilaiti imodzi kufa ayi, koma kulakwitsa kumodzi kumene kwalowa mu zonse za mtundu umodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kampani ya Boeing inali ndi mtundu wa masetilaiti wotchedwa 702, umene m'mbali mwa masola ake anaikamo zonyezimira zoonjezera kuwala kwa dzuwa. Zili kumwamba, zonyezimira zija zinayamba kuchita chifunga, magetsi n'kumachepa. Pozindikira, zisanu ndi imodzi zinali zitakwera kale ndi vuto lomwelo. A inshuwalansi akaona zotere amakweza mtengo pa mtundu wonsewo, kapena kulemba kuti vuto lakutilakuti sitilipira, ndipo ogula amayamba kuyang'ana kwa opanga ena.

Mu Africa muno tinalawako. Nigeria inagula NigComSat-1 ku China, inakwera mu 2007, pofika kumapeto kwa 2008 masola ake anali atafa. Angola inagula Angosat-1 ku Russia, inakwera mu Disembala 2017, ndipo siinagwirepo ntchito. Mayiko onse awiri anapeza zina zolowa m'malo chifukwa panali inshuwalansi, koma Nigeria inadikira mpaka 2011, Angola mpaka 2022. Ndalama zimabwera, koma zaka zodikirazo palibe amakubwezerani. Tsiku lina boma lathu likadzati likugula setilaiti, achinyamata inu mudzafunse za chikalata chimenechi musanafunse za mwambo wodula riboni.

SpaceX yokha, pa masetilaiti a Starlink, inasankha njira ina. Ndi ang'onoang'ono, ndi masauzande, ndipo amapangidwa tsiku ndi tsiku, ndiye imangodzisenzera. Mu Febuluwale 2022 mphamvu zochokera kudzuwa zinagwetsa pafupifupi 40 mwa 49 amene anali atangokwera, iwo anangotumiza ena.

Abambo mwafunsa zoti chikagwera padenga la munthu. Pangano la mayiko la 1972 limati dziko limene linatumiza chinthucho ndilo lilipire. Mu 1978 setilaiti ya Soviet Union, Kosmos 954, inamwaza zidutswa za nyukiliya kumpoto kwa Canada, ndipo Soviet Union inalipira madola a ku Canada 3 miliyoni. Ndiye maboma amakakamiza makampani awo oulutsa maroketi kugula inshuwalansi ya anthu apansi asanawapatse chilolezo.

Kanthu kena komaliza. A inshuwalansi akalipira zonse, katundu wowonongekayo amakhala wawo. Mu Febuluwale 1984 masetilaiti awiri, Westar 6 ndi Palapa B2, anatsalira panjira kumwambako chifukwa timaroketi towakankhira pamalo pake tinazima msanga. A inshuwalansi analipira, kenako anagwirizana ndi NASA, bungwe la boma la America loona za maulendo akumwamba, kuti akawatenge. Mu Novembala chaka chomwecho chombo cha Discovery chinapita, Joe Allen ndi Dale Gardner anatuluka panja, kuwagwira, kuwalowetsa m'chombo n'kubwera nawo pansi. Gardner anajambulitsa atanyamula kapepala kolengeza kuti katunduyo akugulitsidwa. Anagulitsidwadi. Westar 6 anaikonza, anaipatsa dzina loti AsiaSat 1, ndipo mu 1990 inakweranso pa roketi ya ku China.

Amfumu, ine ndaima pamenepa. Amene ali ndi mafunso akweze dzanja.